Alonda a Pansi pa Mseu Amene Adzikunkhira Okha Chakudya

(Awa ndi mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, alembi a mafumu ndi alangizi a zaumoyo. Tawasindikiza m'kope la mwezi uno kuti amene sanafikeko nawonso amve, ndi kuti odziwa kuwerenga awerengere anzao kumudzi.)

Nkhani yathu lero ndi ya chinthu chimene chichitika m'mizinda ikuluikulu ya maiko akutali, ndipo chichitika pansi pa nthaka pamene maso a munthu safika. Wina anganene kuti, "Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji?" Ndiyamba ndi kuyankha funso limeneli, kenaka ndilongosola nzeru imene anthu apeza, ndipo potsiriza ndinena zimene ife tingachite.

MIPOPE YOSAONEKA

Munthu akamayenda mu mseu wa mzinda waukulu aona nyumba, masitolo ndi magalimoto. Saona kuti pansi pa mapazi ache pali mipope yambiri yotenga madzi oipa a m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini, kupita nao kumalo kumene akayeretsedwa asanathiridwe mu mtsinje. A m'tauni aitcha mipope imeneyi suweji. Apa ndi apo pali dzenje lolowera anthu a nchito, lotsekedwa ndi chivundikiro cholemera chachitsulo. Amene munapitako ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka munaziona zivundikirozi pakati pa mseu.

Mpope ukatsekeka kapena ukadzala, madzi oipa atukula chivundikiro nasefukira mu mseu, m'mabwalo a nyumba, ndi mu mtsinje. Tsono mtsinje sukhala m'tauni mokha. Madzi a Mudi achoka mu Blantyre natsikira ku Shire. Madzi a mtsinje wa Lilongwe alowa mu Linthipe nakathera m'nyanja ku Salima. M'njira monsemo muli anthu otunga madzi, ochapa, osamba ndi othirira madimba. Chotayika m'tauni chidzafika kumudzi, ndipo yankho la funso lija ndi limeneli.

Tonse tikumbukira kolera imene inayamba m'dziko la Malawi mu March 2022 ndi kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Kolera iyenda ndi chimbudzi cha munthu cholowa m'madzi akumwa. Chifukwa chache chinthu chiri chonse chothandiza kuti zonyansa zisafike m'madzi ndi nkhani ya moyo wathu.

PHUNZIRO LA KU LONDON

M'chaka cha 1854 kolera inagwa m'dera la Soho mu mzinda wa London, ndipo anthu oposa 600 anafa. Masiku amenewo ngakhale ophunzira ankaganiza kuti nthendayi idza ndi fungo loipa. Dotolo wina, dzina lache John Snow, anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kumene akufawo ankatunga madzi. Anapeza kuti ambiri ankamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu mseu wa Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Pambuyo pache kunadziwika kuti chitsimecho chinali pafupi ndi dzenje la zonyansa lochucha.

M'nyengo yotentha ya 1858 mtsinje wa Thames unanunkha kotero kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo, imene iri m'mbali mwa mtsinjewo, analephera kupirira. Anavomereza ndalama, ndipo katswiri Joseph Bazalgette anamanga ngalande zazikulu za njerwa pansi pa mzinda zoposa mamailosi 80, pamodzi ndi mipope ya m'miseu yokwana mamailosi 1,100. Ngalandezo zigwira nchito mpaka lero.

Koma kumanga mpope ndi nchito ina, kuusamala ndi nchito inanso. M'chaka cha 2017 anchito anapeza pansi pa mseu wa ku Whitechapel, mu London momwemo, chimulu cha mafuta ophikira oundana, osakanizika ndi nsanza ndi matewera. Kutalika kwache kunali mamita 250, kulemera kwache matani 130, ndiko kunena kuti matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 2,600. Chimulu chotere sichimera usiku umodzi. Chinakula pang'ono pang'ono mu mdima, popanda wochiona, ndipo kuchiphwanya kunatenga masabata ambiri.

MLONDA WA M'DZENJE

Pofuna kuona zochitika mu mdimamo, mizinda yambiri tsopano iika kachipangizo kakang'ono pansi pa chivundikiro. Pa Chingerezi akatcha sensa, koma ine ndikatcha mlonda, pakuti nchito yache ndi yomweyo: kuyang'anira ndi kuchenjeza.

Alonda ambiri apima madzi monga achitira mleme pouluka usiku. Atulutsa kaphokoso kamene khutu la munthu silimva, kaphokosoko kagunda madzi nikabwerera. Phokoso liyenda mamita ngati 340 pa sekondi imodzi. Madzi akakhala mamita 1.7 pansi pa mlonda, kaphokosoko kapita ndi kubwera m'gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Madzi akakwera, kabwerera msanga, ndipo mlonda adziwa kuti mpope uli kudzala. Alonda ena apima liwiro la madzi, ena kutentha kwao, ena anunkhiza mpweya woipa. Zimene apeza azitumiza pa wailesi kupita ku kompyuta ya ku ofesi. Madzi akakwera tsiku lopanda mvula, a ku ofesi adziwa kuti china chatseka mpope, ndipo atumiza galimoto madzi asanasefukire.

Mzinda wa South Bend ku America unayamba kuika alonda otere m'chaka cha 2008, mothandizana ndi aphunzitsi a pa University of Notre Dame. Anaika oposa 100. Kumeneko madzi a mvula ndi madzi a m'zimbudzi ayenda mu mpope umodzi, ndipo mvula ikakula zonse zinkasefukira mu mtsinje wa St. Joseph. Alondawo anaonetsa kuti mipope ina inkadzala pamene ina inali ndi malo. Anaika zotsegula ndi kutseka zopatutsira madzi ku mipope ya malo, ndipo zonyansa zosefukira mu mtsinje zinachepa ndi zoposa theka.

Ku England, pofika kumapeto kwa 2023, malo onse amene mipope itayira madzi oipa m'mitsinje ndi m'nyanja nthawi ya mvula anali ataikidwa zopimira. Zopimirazo zinaonetsa kuti m'chaka chimenecho zonyansa zinatayika kwa maora 3.6 miliyoni, kuphatikiza malo onse. Anthu anakwiya nafunsa makampani a madzi mafunso ovuta. Chinthu chikapimidwa, kuchibisa kuvuta.

MLONDA AFUNA KUDYA

Tsono pali vuto limodzi lalikulu. Mlonda sagwira nchito ndi njala, ndipo chakudya cha mlonda ameneyu ndi magetsi. Kukoka waya wa magetsi kufika pa dzenje liri lonse kufuna kukumba mseu, ndipo ndalama zache nzambiri kuposa mtengo wa mlondayo. Dzuwa nalo silifika pansi pa chivundikiro. Kotero alonda ambiri adya mabatire, ndipo batire, monga mudziwa ndi tochi ndi wailesi zanu, litha.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti mzinda uli ndi alonda 1,000, ndipo batire liri lonse litha chaka chimodzi. Chaka chiri ndi masiku a nchito ngati 250. Ndiye kuti tsiku liri lonse anchito ayenera kufika pa maenje 4, kutseka mseu, kutukula chivundikiro ndi kusintha batire. Galimoto ifuna mafuta, anthu afuna malipiro, ndipo ndalamazo zichokera kwa olipira msonkho. Ndalama zikasowa, alonda afa mmodzi mmodzi, a ku ofesi nayesa kuti zonse ziri bwino chifukwa palibe chenjezo.

Koma choposa ndalama ndi moyo wa anchito. M'maenje amenewa muli mipweya iwiri yoopsya. Woyamba autcha hydrogen sulphide. Ukakhala pang'ono ununkha ngati dzira lovunda, koma ukachuluka upha mphuno, munthu nayesa kuti fungo latha, pamenepo ndiye akomoka. Ulemera kuposa mpweya wabwino, ndipo ukhala pansi pa dzenje. Kawiri kawiri wofa sakhala mmodzi, pakuti mnzache alowa kukampulumutsa nakomokera momwemo. Mpweya womwewo ukafika pa khoma lonyowa, tizirombo tiusandutsa asidi wodya simenti ndi chitsulo, ndipo udyanso zipangizo za mlonda.

Wachiwiri autcha methane. Uwu uyaka. Ukakhala pakati pa magawo 5 ndi 15 mwa magawo 100 a mpweya, kamoto kakang'ono kokha kauphulitsa. Mafuta a galimoto akalowa m'mipope achitanso chimodzimodzi. Pa 22 April 1992, mu mzinda wa Guadalajara ku Mexico, petulo amene anachucha kulowa m'ngalande anaphulika, miseu yokwana makilomita 8 inang'ambika, ndipo anthu oposa 200 anafa. Anthu okhala kumeneko anali atadandaula za fungo la petulo kwa masiku angapo. Chifukwa cha zoopsya zotere, chipangizo chiri chonse choikidwa m'dzenje chiyenera kupangidwa mwakuti chisathethetse moto, ndipo ulendo uli wonse wa ku dzenje umene upewedwa ndi phindu.

NZERU YA KUKUNKHA

Inu alimi mudziwa kukunkha. Eni munda akatha kukolola, pansi patsala ngala ina apa, mtedza wina apo. Munthu woleza mtima akayenda nako kutola, madzulo abwera ndi lichero lodzala. Akatswiri anaganiza kuti mphamvu nayo itayika chomwecho paliponse: m'kutentha kwa chitsulo, m'kuyenda kwa madzi, m'kugwedezeka kwa mseu, ngakhale m'zonyansa zimene. Anafunsa kuti, kodi mlonda sangadzikunkhire yekha chakudya pamalo pomwe ali?

Mphamvu ya magetsi ipimidwa ndi muyeso wotchedwa watt. Foni ya m'manja ikamatchajidwa itenga ma watt ngati 5. Zokunkha za m'dzenje nthawi zambiri zingokwana gawo limodzi kapena magawo owerengeka mwa magawo 1,000 a watt imodzi. Nzochepa ndithu. Kuti zikwane, mlonda ayenera kudya mosamala, ndipo njira yache ndi kugona. Tiyerekeze kuti adzuka kamodzi pa mphindi 10 ziri zonse, napima madzi kwa masekondi 2, nagonanso. Pa tsiku adzuka ka 144, ndipo nthawi yonse ya nchito sikwana mphindi 5. Nthawi yotsalayo angosunga kawotchi kakang'ono komudzutsa, pamene kukunkha kupitirira usana ndi usiku. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

NJIRA YOYAMBA: KUTENTHA NDI KUZIZIRA

M'chaka cha 1821 katswiri wa ku Germany, Thomas Seebeck, anapeza kuti ukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana mtundu, nutenthetsa mfundo imodzi ina iri yozizira, magetsi ayamba kuyenda. Masiku ano apanga timbale topyapyala, kukula kwache ngati bokosi la machesi, ndi miyala ya bismuth ndi tellurium. Mbali imodzi ikatentha ina ikazizira, kambaleko katulutsa magetsi. Mulibe chozungulira, mulibe chofuna mafuta, choncho sikatha msanga.

Tsono ganizani za chivundikiro cha pakati pa mseu. Masana chipsya ndi dzuwa monga malata a denga, pamene m'dzenje muli mozizira ngati madzi a mu mtsuko. Usiku chitsulo chizizira msanga, m'dzenje mukali mofunda. Kusiyana kumeneku ndiko munda wokunkhamo.

Njira imeneyi inayesedwa ku Japan. Kumeneko kugwa mvula yadzidzidzi yamphamvu imene idzaza mipope m'kanthawi kochepa. M'chaka cha 2015 kampani ya Fujitsu inayesa alonda a m'maenje mu mzinda wa Koriyama, m'chigawo cha Fukushima. Mu 2016 inayamba kugulitsa alonda okhala ndi kambale kotere komatidwa ku chivundikiro. Kampaniyo inanena kuti batire limene pa lokha linkatha m'miyezi 10 tsopano lingathe zaka 5. Werengani nokha: zaka 5 ndi miyezi 60, ndiye kuti pamene anchito akanapita ku dzenje ka 6, apita kamodzi.

Kufooka kwa njirayi nkwakuti masiku a mitambo, kapena chivundikiro chikakhala mu mthunzi wa nyumba, zokunkha zichepa. Ndiponso m'mamawa ndi madzulo pali nthawi imene mbali zonse ziwiri zifanana kutentha, ndipo pamenepo sipatuluka kanthu.

NJIRA YACHIWIRI: KUYENDA KWA MADZI

Amene muli ndi njinga ya dayinamo mudziwa kuti gudumu likazungulira nyali iyaka. Nzeru imeneyi anaipeza Michael Faraday wa ku England mu 1831, ndipo ndi yomweyo imene itipatsa magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mu mpope wa suweji namonso madzi ayenda, kotero kagudumu kakang'ono kangathe kuzunguliramo. Mwa njira zonse, iyi ndiyo ingapereke mphamvu zambiri.

Koma walira mvula walira matope. Munamva kuti namasupuni, udzu ndi zinyalala za mu Shire zivutitsa makina akuluakulu a ku Nkula. Nanga kagudumu kakang'ono m'madzi odzala nsanza, tsitsi, mafuta ndi mchenga? Kakodwa msanga, ndipo kakakodwa, chimene chinaikidwa kuti chilonde mpope ndicho chiyamba kuutseka. Pakati pa usiku, anthu ali mtulo, madzi achepanso. Chifukwa chache njirayi iyenera makamaka pamene madzi agwa kuchokera pamwamba, kapena potulukira madzi oyeretsedwa kale.

NJIRA YACHITATU: KUGWEDEZEKA KWA MSEU

M'chaka cha 1880 abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina ikapanikizidwa itulutsa magetsi. Laitala imene ichita "tcha" ukaidina, moto nuyaka popanda batire, iri ndi mwala wotere mkati. Galimoto ikaponda chivundikiro, chitsulo chinjenjemera, ndipo kunjenjemerako kungathe kupanikiza kamwalako. Zotuluka nzochepa kwambiri, ndipo zidalira kuchuluka kwa magalimoto. Mu mseu waukulu zithandizako, koma mu mseu wa zii mlonda angagone ndi njala.

NJIRA YACHINAI: ZONYANSA ZIMENE

Iyi ndiyo yodabwitsa koposa. M'chaka cha 1911 mphunzitsi wa za zomera ku Durham ku England, Michael Potter, anaonetsa kuti tizirombo tosaoneka ndi maso tikamadya ndi kuoletsa zinthu, pangathe kutuluka magetsi. Mu 1987 Derek Lovley anapeza m'matope a mtsinje wa Potomac ku America tizirombo totchedwa Geobacter. Ife tikadya tipuma mpweya, koma ito tikhala mopanda mpweya, ndipo mphamvu yotsala pa chakudya chao tiitayira pa chitsulo cha m'dothi. Akatswiri anati, bwanji titipatse mbale ya khala kuti titayirepo?

Chipangizo chache chiri ndi mbale ziwiri. Imodzi imizidwa m'matope a zonyansa mopanda mpweya, ina ikhala pamwamba pokhudza mpweya, ndipo waya alumikiza ziwirizo. Tizirombo timera pa mbale ya pansi ngati ndere, timadya zonyansa, magetsi nayenda m'waya. Chipangizo chimodzi chipereka pafupi theka la volt, pamene batire la tochi lipereka 1.5. Bruce Logan ndi anzache a pa Penn State University anaonetsa mu 2004 kuti madzi oipa a m'nyumba angathe kuchita zimenezi. Ku Bristol, Ioannis Ieropoulos ndi anzache anatchaja foni ndi mkodzo mu 2013, ndipo mu 2017 anaika zipangizo zotere pa zimbudzi za sukulu ya atsikana ku Kisoro m'dziko la Uganda, kuti nyali ziyake usiku.

Ubwino wache ngwakuti chakudya cha tizirombo sichitha mu mpope wa suweji, ndipo dzuwa silifunika. Kuipa kwache nkwakuti tizirombo tifuna masabata kuti tikhazikike, kukazizira tichita ulesi, mankhwala a m'mafakitale angatiphe, ndipo mbale ya pamwamba ikakutidwa ndi litsiro mphamvu igwa. Njirayi ikali kuyesedwa, siinafike pofala m'mipope ya mizinda.

Wina afunsa za sola. Inde, ena aimika mtengo pambali pa mseu, naika sola pamwamba, waya natsikira m'dzenje. Kumene dzuwa lichuluka monga kwathu kuno njirayi ndi yabwino, koma chimene chiri poyera chionedwanso ndi mbala, ndipo fumbi lichepetsa mphamvu yache.

NKHOKWE YA MLONDA

Mlimi sakolola tsiku liri lonse, koma adya tsiku liri lonse, chifukwa ali ndi nkhokwe. Mlonda nayenso aikidwa nkhokwe: batire lotchajidwa, kapena chipangizo chotchedwa supercapacitor, chimene chidzazidwa ndi kutapidwa kambirimbiri osaonongeka. Pakati pa chokunkhira ndi nkhokwe pali kachipangizo kokweza mphamvu. Tina mwa tizipangizoti tiyamba nchito ndi magawo 20 okha mwa magawo 1,000 a volt imodzi, nitikweza mphamvuyo kufikira itakwana kuyendetsa mlonda.

Nchito yodya mphamvu koposa ndi kutumiza uthenga, pakuti chitsulo, simenti ndi dothi zitsekereza wailesi. Kotero mlongoti wa wailesi uikidwa m'chivundikiro momwemo kapena m'kabowo ka pambali pache, ndipo uthenga ukhala waufupi, manambala ochepa okha. Masiku a dzuwa mlonda anena kamodzi kamodzi nasunga mphamvu. Akaona madzi ayamba kukwera, adzuka pafupi pafupi. Apa mpofunika nzeru, pakuti tsiku la mvula yaikulu, limene mlonda afunika koposa, ndilo tsiku limene chivundikiro sichitentha. Ndiye chifukwa chache omanga anzeru aphatikiza njira ziwiri, ndi kusiya batire lapadera lodikira tsiku loipa.

NANGA KWATHU KUNO?

Tinene zoona zokha. M'mizinda yathu nyumba zochepa ndizo zolumikizidwa ku suweji. Zambiri ziri ndi zimbudzi zokumba kapena matanki a pansi. Blantyre ali ndi malo oyeretsera madzi oipa monga a ku Soche ndi ku Limbe, ndipo Lilongwe ali ndi a ku Kauma. M'chaka cha 2017 World Bank inavomereza ndalama zothandiza nchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, kuphatikizapo mipope ya suweji. Mizinda ikamakula, mipope idzachuluka, ndipo idzafuna oiyang'anira. Dziko limene dzuwa lipsyereza chitsulo miyezi yambiri, ndiponso limene ndalama zogulira mabatire kunja nzovuta kupeza, liyenera kutchera khutu ku nzeru ya kukunkhayi.

Koma mlonda satsegula mpope. Iye angofuula. Ngati palibe galimoto, palibe anchito, palibe womva, kufuula kwache nkwachabe. Choncho nazi zimene ife tingachite lero lomwe.

Choyamba, uzani ana ndi abale anu a m'tauni kuti asataye nsanza, matewera, zitsononkho, mchenga kapena mafuta ophikira m'chimbudzi cha madzi kapena m'dzenje la suweji.

Chachiwiri, chivundikiro chachitsulo si chogulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Dzenje lopanda chivundikiro limeza mwana, lithyola mwendo wa munthu usiku, ndipo lilandira zinyalala zotseka mpope. Mukaona lotseguka kapena losefukira, kauzeni a khonsolo tsiku lomwelo.

Chachitatu, munthu asalowe m'dzenje la suweji, m'tanki ya chimbudzi, kapena m'chitsime chakuya chakale chifukwa chongoona kuti simununkha. Mnzanu akakomoka m'menemo, musalumphiremo. Itanani anthu ndi zingwe, ndipo tumizani mau kwa odziwa nchitoyo.

Chachinai, kumudzi mlonda wa madzi ndife tomwe. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsimecho, ndipo chikhale ndi chotsekera pa bowo. Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini, ndipo tisambe m'manja ndi sopo.

Kwa inu aphunzitsi, nkhani imeneyi ingathe kuphunzitsidwa popanda kugula kanthu. Tengani ana pafupi ndi phiri kapena khoma lalitali, aombe m'manja namve phokoso likubwerera: umo ndimo mlonda apimira madzi. Tembenuzani njinga ya dayinamo, mupalase ndi dzanja. Masana ana akhudze lata la padzuwa ndi madzi a mu mtsuko. Kenaka dzazani chitini ndi matope akuda a kudambo, osati a kuchimbudzi iai. Mizani khala limodzi lomangidwa waya pansi pa matope, lina likhale pamwamba pa madzi, ndipo samalani kuti waya wosakutidwa asakhudze matope. Pakapita sabata imodzi kapena awiri, bwerekani mita yopimira magetsi kwa wokonza mawailesi, ana aone okha kuti matope atulutsa mphamvu. Akatha asambe m'manja. Pakati pa ana amenewo pali amene adzayang'anira mipope ya mizinda yathu, ndipo kuli bwino ayambe kuzidziwa zinthuzi ali ang'ono.

Amene ali ndi mafunso afunse tsopano, ndipo amene adzawerenga mau awa kumudzi angathe kufunsa mlangizi wa zaumoyo wa dera lao.